Mkangano wa pa Mpanda

WOFOTOKOZA: Seweroli likukhudza a Phiri ndi a Banda, anthu oyandikana nyumba amene akulimbana chifukwa cha mpanda wa udzu umene galimoto ya a Banda yagwetsa, ndipo popeza onse awiri amadziyesa ophunzira kwambiri, aliyense akulankhula ngati buku ndipo sakulola kudzitchula yekha mwachindunji.

(KULIRA KWA NKHUKU ZOBALALIKA)

A PHIRI: Mwini mpanda akufuna kudziwa chifukwa chimene galimoto yokhala ndi chiwongolero, mabuleki ndi dalaivala waimvi yalepherera kukhota pamalo pamene ngolo ya ng'ombe imakhota tsiku ndi tsiku.

A BANDA: Aneba akuiwala kuti kukhota kunazunguza mitu ngakhale akatswiri a ku Britain, moti kasinja wawo woyamba, Mark I, amene analowa m'nkhondo pa 15 September 1916 ku Flers-Courcelette m'dziko la France, ankafuna amuna anayi mwa asanu ndi atatu okweramo kuti angoyenda ndi kukhota.

A PHIRI: Kasinja, kutanthauza galimoto yankhondo yokutidwa ndi zitsulo imene imayendera malamba achitsulo m'malo mwa matayala, alibe chibale chilichonse ndi chiphapha cha aneba.

A BANDA: Chibalecho chili pa kuvuta kwa ntchito! Kasinja alibe matayala akutsogolo oti apotoke, choncho amakhota pokhapokha lamba wa mbali imodzi akayenda pang'onopang'ono kuposa mnzake. Mu Mark I dalaivala ankagwira magiya aakulu, mkulu wa gulu ankagwira mabuleki, ndipo amuna awiri ankakhala kumbuyo kusintha magiya a lamba aliyense, koma chifukwa injini inkasokosa m'chipinda chomwecho, ankaitanizana pomenya chitsulo ndi sipanala, kenaka n'kulozerana ndi zala.

A PHIRI: Aneba ayima pa 1916 chifukwa ndi pamene pakuwakomera. Mu 1918 kunabwera Mark V wokhala ndi magiya a Walter Gordon Wilson, amene anachititsa kuti munthu mmodzi ayendetse yekha. Ngakhale T-34 wa ku Soviet Union ankawongoleredwa ndi ndodo ziwiri zokha, ndipo dalaivala akakoka ya kumanzere, kilatchi, chimene ndi chipangizo cholumikiza kapena kulekanitsa mphamvu ya injini, chinkasiya lamba wa kumanzere wopanda mphamvu, ndipo akakoka kwambiri buleki inkamugwira, kasinjayo n'kutembenukira komweko.

A BANDA: Njira imeneyo ndi yachiwawa, pakuti mphamvu ya mbali yogwidwayo imangosanduka moto pa buleki, liwiro limatsika, ndipo kasinja amakhota modukizadukiza. Achimereka pa M4 Sherman anagwiritsa ntchito difu, chipangizo cha magiya chogawa mphamvu pakati pa mbali ziwiri, kotero kuti lamba mmodzi akachepetsa liwiro mnzake ankawonjezera, komabe Sherman sankatha kuzungulira pamalo amodzi, ndipo mpanda ngati uwu akanaugwetsa ndithu.

A PHIRI: Sherman akanaugwetsa ali pa ntchito ya boma, osati akuchokera ku mowa wamasese.

A BANDA: Mawu amenewo alibe umboni.

(MBUZI IKULIRA)

A PHIRI: Umboni ukununkha kuchokera pomwe aneba ayimapo. Tsono adziwe kuti Tiger wa ku Germany, amene anayamba kumenya nkhondo mu 1942, anali ndi chiwongolero monga galimoto wamba, ndipo Churchill wa ku Britain, wokhala ndi magiya a Merritt-Brown, ankatha kuyendetsa lamba mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, n'kuzungulira pomwe wayima. Chimene dalaivala wagwira m'manja, kaya ndodo kaya chiwongolero, chimangopereka lamulo, pamene ntchito yeniyeni imachitika m'magiya ogawa mphamvu, ndipo magiyawo salakwa pokhapokha wolamulayo atasokonezeka mutu.

A BANDA: Pa M1 Abrams wa ku America dalaivala amagwira zogwirira zonga za njinga yamoto, amawonjezera moto popotoza dzanja, ndipo akatseka chitseko cha pamutu pake amayendetsa atatsamira chagada.

A PHIRI: Zikomo kwambiri, pakuti tsopano zadziwika mmene aneba anakhalira pamene ankalowa mu mpanda wa eni.

A BANDA: Wolankhulayu akupempha kuti, motsatira dongosolo la Mark I, mtengo wa udzu ndi nsungwi ugawidwe panayi: dalaivala, mayi a kunyumba amene anakuwa mochedwa, makaniko amene anamanga mabuleki ndi waya, ndi mbuzi imene inadutsa kutsogolo.

A PHIRI: Mbuziyo ndi ya mwini mpanda, ndipo silipira kanthu. Dongosolo la anthu anayi analithetsa a Wilson mu 1918, ndipo kuyambira pamenepo woyendetsa ndi mmodzi, wolipiranso ndi mmodzi.

A BANDA: Ngati a Wilson ndiwo anabweretsa lamulo lopweteka chotere, kalata yofuna chipukuta misozi ipite kwa iwowo.

A PHIRI: A Wilson anamwalira mu 1957.

A BANDA: Ndiye mlanduwu ukuyimitsidwa kaye mpaka atapezeka amwinimbumba awo.