Ulemu kwa Karela, Mlonda Wosalipidwa wa ku Kaliyeka

Pakati pa zomera zonse zimene Namalenga anazipatsa malo kuseri kwa nyumba za ku Kaliyeka, kumene tomato amapsa madzulo m'dimba mwako koma m'mawa n'kupezeka m'poto wa mnansi, ndiponso kumene mondokwa amasamuka mwini wake ali m'tulo, ine ndaona chimodzi chokha choyenera kuchiwombera m'manja mogwada: nkhaka yowawa ija imene Amwenye a ku Area 2 amaitcha karela.

Taonani kuona mtima kwake! Akale anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Koma mfumu iyi sinyenga munthu, pakuti kunja ili ndi njerewere ngati msana wa ng'ona, ndipo m'kati ndi ndulu yeniyeni, yoti ngakhale luni ndi madzi a ku Mara a m'Baibulo aja angaigwadire.

Monga mafumu onse, imafuna kutumikiridwa. Njere zake, pokhala zolimba khungu, uziviike m'madzi usiku wonse. Zikamera uimangire thandala la nsungwi, apo ayi ikwera mpanda n'kukacheza kwa eni ake. Maluwa achikasu oyamba ndi aamuna, amene amangodzionetsa n'kuthothoka osasiya kanthu, monga alendo ena otiyendera nyengo ya chisankho. Aakazi amadza pambuyo atabereka kale kamwana, kudikira njuchi. Chipatso uchifunditse nyuzipepala poopa ntchentche zoboola, ndipo ikatha miyezi 2 chibzalireni uthyole chikadali chobiriwira, pakuti ukazengereza chimachita chikasu, n'kung'ambika patatu, n'kukuyasamulira njere zofiira ngati chikukuseka.

Za madzi zokha ndiye ndisanene, chifukwa mwezi wa Okutobala, pamene mpopi umangotsokomola mphepo koma bilu ikufika yonenepa, ndimakaima pa kiyosiki ndi ndowa tambala woyamba asanalire, kuti mfumu imwe ine ndisanasambe. Akuluakulu amene amalemba mabiluwo ndikanakonda kuwaphikira mbale yodzaza, osaiviika mumchere.

Mphotho yake ndi mtendere. Mbuzi imanunkhiza n'kubwerera. Nkhuku zimadutsa mwaulemu. Ndipo kamnyamata kena kamene kanaiyesa chipwete, ine ndinangokayang'ana pazenera osakaletsa, podziwa kuti mwana akalirira nyanga ya msatsi um'semere im'fotere yekha. Kulira kwake kunamveka mpaka ku Chipasula.

Tsono inu anansi anga, amene munkati ndabzala mankhwala a ufiti, lero mwamva mphekesera yoti imatsitsa shuga, ndipo mukuti, "Zikomo bambo, tigawireniko tiwiri." Tengani amayi, tengani achimwene, koma kuchipatala musasiye. Ndimapatsa mowolowa manja ndi mosaopa kusauka, pakuti mwa onse amene anabwera ndi mbale, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweranso kachiwiri.