Ulemu Upite kwa Chimpikapu Chosanyamula Kanthu

Kuno ku Texas, munthu wa kagalimoto kakang'ono akafuna kutuluka pamalo oimikapo magalimoto amayamba wapemphera. Kumanja kwaima chimpikapu, kumanzere chinzake, iwe uli pakati. Msewu suuona. Chimene ukuona ndi matayala ofika pawindo lako basi. Ndiye umabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mwachikhulupiriro, makutu ali tcheru kudikira hutala. Anzanga ambiri amatukwana. Ine ndaona kuti chinthu chimene chimapempheretsa munthu m'mawa uliwonse n'choyenera ulemu, choncho lero ndavala jekete kuti ndichitamande pagulu.

Mukamva kuti pikapu musafulumire kuganiza za Hilux imene mumaidziwa ija, yonyamula matumba a fetereza, mbuzi ziwiri ndi kwaya yonse ya amayi a Mvano pa ulendo umodzi. Imeneyo kuno angaiyese mwana wake wa pikapu. Ndikunena za akuluakulu: Ford F-150, Chevrolet Silverado ndi mbale wake GMC Sierra, Ram 1500, ndi Toyota Tundra. Panalinso Nissan Titan, koma anasiya kuipanga mu 2024, ndiye tiweramitse mitu pang'ono. Aliyense wa akuluakuluwa, akakhala wa zitseko zinayi, kutalika kwake kumayandikira mamita 6, ndipo boneti imafika pachifuwa cha munthu wamkulu. Kukwera kwake n'kochita kugwira chogwirira n'kudzikoka. Ukakhala pampando, dziko lonse limakhala pansi pako. Ndinakwerapo ya mnzanga wina, ndipo ndinene zoona, kutsika kunandiwawa.

Koma ulemerero weniweni wa chimpikapu uli kumbuyo kwake, m'bodi muja. Anthu inu, kuyera kwake! Mulibe fumbi, mulibe njere ya chimanga, mulibe ngakhale chingwe chothothoka. A neba anga a kumanja anagulira bodi yawo chivundikiro chokhoma ndi kiyi, kuteteza katundu amene mulibemo kuti angabedwe. Loweruka lililonse amavundukula, amatsuka ndi paipi, amapukuta, amavundikiranso. Zogula za kusitolo amaziika pampando wakumbuyo, m'kati, chifukwa m'bodi mazira angagubuduke. Izi si zachilendo ayi. Kampani ina yofufuza za ogula magalimoto, Strategic Vision, inapeza kuti eni mapikapu atatu mwa anayi alionse amakoka ngolo kamodzi pachaka kapena sakoka n'komwe. Kudziletsa kotani kumeneku! Kukhala ndi mphamvu yokoka matani asanu n'kusankha kukagula khofi wa m'kapu.

Opanga nawo anazindikira kuti ulemu wa bodi uli pa kusagwira ntchito, ndiye akhala akuifupikitsa. Mapikapu ambiri a masiku ano bodi yake ndi ya mafiti asanu ndi theka, pamene thabwa la pulayiwudi limagulitsidwa la mafiti asanu ndi atatu. Malo amene anachotsa kumbuyoko anawapereka ku mipando yachikopa, ina mpaka yosisita msana. Mayina ake nawonso ndi a ukumu: Ford ili ndi King Ranch, dzina la famu yaikulu ya ng'ombe ya kuno ku Texas, Toyota ili ndi 1794 Edition, chaka chimene inakhazikitsidwa famu imene panamangidwa fakitale yawo ku San Antonio. Munthu amalipira ndalama zoposa madola 70,000 kuti amve fungo la famu ali pamzere wa magalimoto wopita kuofesi.

Tsono funso limene limadanitsa abale pamaliro ndi paukwati pomwe ndi lakuti, wamkulu ndani mwa akuluakuluwa? Apa mpamene chimpikapu chimaonetsa chifundo chake, chifukwa palibe mwini wake amene chinam'siya wopanda mphoto. Mumsewu wathu aliyense ndi woyamba.

A neba a Ford amati mtundu wawo wa F-Series, umene unayamba mu 1948, wakhala ukugulidwa kuposa mapikapu ena onse ku America chaka ndi chaka kuyambira 1977, ndipo n'zoona. A neba a Chevrolet amayankha kuti mukaphatikiza Silverado ndi Sierra, popeza onse ndi ana a General Motors, zaka zina amaposa Ford, ndipo n'zoonanso. Mayi a Ram, okhala pakona, salankhula zambiri. Amangokumbutsa kuti magazini ya Motor Trend inapatsa Ram mphoto ya pikapu yopambana zaka zitatu zotsatizana, 2019, 2020 ndi 2021. Mkulu wa Tundra, amene mtundu wake umagulidwa mochepa kuposa enawa, amayang'ana kumwamba n'kufunsa ngati pali pikapu ina imene inakokapo chombo cha mumlengalenga. Mu Okutobala 2012 Tundra inakokadi chombo cha Endeavour kuchiwolotsa pa mlatho wina ku Los Angeles. Mtunda wake unali waufupi, koma mkuluyu amafotokoza ngati anachikoka yekha mpaka ku mwezi. Akatero amawonjezera ya munthu wa ku Louisiana amene Tundra yake ya 2007 inayenda mamailosi miliyoni imodzi, mpaka mu 2016 kampani inam'patsa yatsopano n'kutenga yakaleyo kukaiphwasula kuti aone chinsinsi chake. Yake ya mkuluyu imayenda kuchoka panyumba kukafika kutchalitchi.

Olemba magazini ndiwo ndimawavulira chipewa. Mphoto ya Motor Trend imapikisaniridwa ndi magalimoto amene ali atsopano kapena asinthidwa kwambiri chaka chimenecho, ndiye oweruza amayesa pikapu yonunkhira fakitale, n'kuiyendetsa masiku angapo, n'kulemba kuti ndi ngwazi. A J.D. Power amafunsa eni ake mavuto amene akumana nawo m'masiku 90 oyambirira. Masiku 90! Kwathu mkamwini wa miyezi itatu amalawirira kumunda tambala asanalire, ndipo palibe apongozi anzeru amene amamuweruza nthawi imeneyo. Komanso pa chiwerengero chawocho, foni ikakana kulumikizana ndi wailesi ya m'galimoto, limenelonso ndi vuto lolembedwa. Ali ndi kafukufuku wina wa magalimoto a zaka zitatu, koma pofika nthawi imeneyo mtundu umene akuunenawo wasinthidwa kale, ndipo a neba ali pa ngongole ya pikapu ina.

Palinso a Consumer Reports, amene alipo kuyambira 1936. Awa ndi agogo ovuta kuwasangalatsa. Salandira ndalama za otsatsa malonda, magalimoto oyesa amagula okha ndi ndalama zawo, ndipo amafunsa mamembala awo zimene zawonongeka. Mu 2022 ananena poyera kuti mapikapu akuluakuluwa, pamodzi ndi magalimoto oyendera magetsi, ndiwo magulu awiri ovutitsa kwambiri. Mumsewu wathu tsiku limenelo munali mgwirizano umene sindinauonepo. A Ford, a Chevrolet, mayi a Ram ndi mkulu wa Tundra onse anavomerezana kuti anthu amenewa sadziwa magalimoto, amadziwa mafiriji. Magazini ndi yanzeru pa tsamba limene yayamikira pikapu yako, pa tsamba lotsatira yagulidwa.

Nkhondo ya opanga okhaokha ndiye imakoma. Mu 2015 Ford inasiya chitsulo n'kuyamba kupanga thupi la F-150 ndi aluminiyamu, galimoto n'kupepuka ndi makilogalamu pafupifupi 300. Chaka chotsatira Chevrolet inaonetsa pa kanema anthu akukhuthulira miyala yomangira m'bodi ya Ford ndi ya Silverado, n'kugwetseramonso bokosi la zida, kuti dziko lione ya Ford ikubooka. Dziko linaonadi. Ine chimene chinandikhudza mtima n'chakuti kwa nthawi yoyamba ndinaona katundu m'bodi ya pikapu ya ku America. Pofika 2019 Chevrolet yomweyo inali ikupanga zitseko ndi boneti ya Silverado ndi aluminiyamu. Kale konse inasekanso Ford chifukwa choika kamakwerero pachitseko cha kumbuyo, ati mwamuna weniweni safuna makwerero. Lero General Motors ili ndi chitseko cha kumbuyo chopindika m'njira zisanu ndi imodzi, ndipo imodzi mwa njirazo ndi makwerero. Okwerera kukaona chiyani, sindifunsa.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu 2024 Toyota inaitanitsa magalimoto oposa 100,000 kuti akakonzedwe, ambiri a iwo ma Tundra a 2022 ndi 2023, chifukwa tizitsulo totsalira popanga injini tinali tikadali m'kati, ndipo mankhwala ake anali kusintha injini yonse. A neba a Chevrolet anaseka mpaka misozi. Mu 2025 General Motors inaitanitsa magalimoto pafupifupi 600,000 chifukwa cha injini yake ya malita 6.2. A neba a Ford anaseka, koma mosakweza mawu, popeza kampani yawo yakhala ikutsogola zaka zingapo pa kuchuluka kwa maulendo oitanitsa magalimoto kuti akakonzedwe. M'mawa wina chimodzi mwa zimpikapu za mumsewu wathu chinachoka chitaberekedwa ndi lole, kukadali mbuu. Sinditchula mwini wake, poti timabwerekana makina otchetchera kapinga. Nditawafunsa anati yapita kukapimidwa chabe. Inapimidwa mpaka masamba a mitengo anayoyoka n'kuphukanso.

Mungafunse kuti nanga bwanji anthuwa osangogula pikapu yaing'ono yolimba n'kupuma? Apa tiyenera kuthokoza nkhuku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, nkhuku zotchipa za ku America zinadzaza misika ya ku Ulaya, ndipo mayiko monga France ndi West Germany anazikwezera msonkho. Pulezidenti Lyndon Johnson anabwezera pokweza msonkho pa katundu angapo ochokera kunja, kuphatikizapo mowa wa brandy, ndipo wa magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu anaufikitsa pa 25 peresenti. Unayamba kugwira ntchito mu Januwale 1964. Wa brandy unachotsedwa kalekale, nkhuku zimene zinayambitsa mlanduwo zinadyedwa, koma wa mapikapu ulipobe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Hilux simuipeza m'sitolo za magalimoto kuno, ndiponso chimene Toyota imapangira Tundra ku San Antonio m'malo moibweretsa pa sitima. A Subaru anayesa nzeru mu 1978: anamangirira mipando iwiri yapulasitiki m'bodi ya kapikapu kawo ka BRAT, yoyang'ana kumbuyo, kuti a msonkho akaone ati ndi galimoto yonyamula anthu. Matola ovomerezeka ndi boma, kuno ku America! Chotero chimphona chimene chimanditsekera dzuwachi chinakula mumpanda umene anaumanga chifukwa cha nkhuku.

Pano ndivule jekete pang'ono, chifukwa pali zina zosaseketsa. Bungwe la makampani a inshuwalansi loona za ngozi zapamsewu, IIHS, linapeza mu 2023 kuti galimoto ya boneti yokwera kuposa mita imodzi ikagunda woyenda pansi, mpata woti afe umakwera ndi pafupifupi 45 peresenti poyerekeza ndi galimoto yotsika ya kutsogolo kopendekeka. Mwana wamng'ono akaima kutsogolo kwa chimpikapu, woyendetsa samuona. Opanga anathetsa vutoli poika kamera kutsogolo, kuti uone pa sikirini chimene kale unkachiona ndi maso, ndipo pa mitundu yambiri kamerayo umailipira padera. Usiku nyali zake zimalowa ndendende pagalasi langa loonera kumbuyo, mpaka ndimatha kuwerenga nyuzi. Nanga akuluakulu a mzinda, amene amajambula mizere ya malo oimikapo magalimoto? Ndikukhulupirira amayeza ndi njinga. Iwo eni amabwera kumsonkhano wokambirana za vutoli pa zimpikapu zawo, aliyense n'kudya malo awiri, kenako n'kusankha komiti.

Matendawa ndi opatsirana, ndipo Amalawi sititetezeka. Achimwene ena amene tinkakwera nawo minibasi ya ku Ndirande anagula chawo chofiira chaka chathachi. Atabwera kudzandionetsa anatsika ndi magazini m'manja, tsamba lake atalipinda kale.

"Achimwene, mwaiona? Awa alemba kuti palibe inzake."

Ndinati ndaiona, ndipo popeza mlamu wanu wagula firiji yakale kutsidya kwa tauni, mwina Loweruka mungatithandize.

Anayang'ana bodi, anayang'ana ine. "Firiji imakanda penti, achimwene. Pali anthu amabwereketsa malole, ndikupatsani nambala."

Maloto awo ndi oti akadzabwerera kumudzi adzaitumize pa sitima, anthu a kwawo akaone. Ndinawakumbutsa kuti chiwongolero chili kumanzere, ndiye pa M1 akafuna kupitirira lole azidzadalira wokhala pampando winawo kuwauza ngati kukubwera basi. Anati alamu alipo. Ndinawakumbutsanso kuti thanki yake imamwa malita 136, ndipo tsiku limene mafuta avuta, akadzafika kutsogolo kwa mzere pa filing'i siteshoni ku Lilongwe n'kunena kuti dzazani, anyamata a kabaza amene ali kumbuyo kwawo adzawafotokozera maganizo awo pa nkhani ya mapikapu, mosayang'ana m'magazini.