Pusi Sanafe, Anangogula Foni

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma sanatiuze ngati pusiyo anafera pomwepo. Ine ndikuti anadzuka, kusasa fumbi, n'kukagula foni yolowa masimu awiri.

Lero mumupeza m'mabanki m'khonde atatu, akukongola kwa a Lachiwiri kuti akabweze kwa a Lachisanu. Pamaliro amadya ndi adzukulu, kenako n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kukakhala pakati pa akwaya, pamene nyimbo sadziwa ndi imodzi yomwe. Akavala tayi ndiye zimanyanya. M'mawa wasainira alawansi ya msonkhano wa ku Mzuzu, masana dzina lake lili papepala la ku Salima, galimoto ili phee ku Lilongwe. Mu 2013, nthawi ya Cashgate, nthambi inathyoka ndithu, ndalama za boma n'kumapezeka m'mabuti a galimoto.

Ena amati n'zamagazi, tinatengera makolo. Umboni ati uli ku Uraha, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga. Kumeneko mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza fupa la Homo rudolfensis, wachibale wathu wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Ndiye mukuganiza agogowo anatisiyira chiyani? Chigaza ayi, dzanja logwirira ntchito ayi. Nsagwada ya m'munsi basi, mano akuluakulu ali ndandanda. Zonse zinatha, chodyera chokha n'chimene chinakana kuwola. Akatswiriwo anachipatsa nambala, UR 501.

Komatu tisawanamizire agogo. Analibe thumba la buluku, analibe jumbo, analibe akaunti. Ankatafuna zimene apeza tsikulo, mimba ikati pano ndakwana, ankapukuta pakamwa n'kukagona. Dyera lawo linali ndi malire chifukwa linkathera m'mimba. Lathuli tinalisamutsira mufoni, ndipo sindinamvepo foni ikugeya.

Choncho mukafika ku Karonga, kalowereni kumyuziyamu imene inatsegulidwa mu 2004 mukamve mbiri ya agogowa, mukaonenso mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus. Akakuitanirani ku ukwati kumeneko, mpunga wa Kilombero ndi mbalagha zikafika pakhonde, mbale ndi imodzi, achimwene. Jumbo ija muli nayo m'jeketeyo mukaisiye kunyumba.