Kondakitala wa Makina Ochapira

Anzeru amati mavuto a magetsi m'dziko muno anakula ndi chilala cha 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika mpaka nyumba zambiri zinkatha maola 21 pa tsiku zili mumdima. Sinditsutsa. Koma anzeruwo satchula kuti chilalacho chinandipezera ntchito kuno ku Chamboli, mumzinda wa Kitwe. Ine amene mukundionayu, ndi imvi zangazi, ndinasanduka kondakitala.

Minibasi yanga ndi makina ochapira amene tinagula pangongole. Kutsogolo kwake analemba kuti 7 kg. Wogulitsa anandilangiza bwinobwino kuti makilogalamuwo ndi a zovala zouma, ndipo ukalongeza, pamwamba pazitsala mpata wolowa chikhatho choimika, kuti zovala zizigubuduka n'kumakhulana, poti kuyera kumachokera pamenepo. Ndinagwedeza mutu. Komatu amene analemba 7 kg uja sanagonepo m'nyumba imene magetsi amabwera pakati pa usiku n'kuthawa tambala asanalire.

Babu likangoti ngwee, siteji yadzaza kale. Okwera a mlungu wathunthu ali pamzere. Tsono kondakitala aliyense wa msewu wa Kitwe ndi Ndola amadziwa kuti nambala yolembedwa pagalimoto ndi maganizo chabe a anthu a kufakitale. Mayunifolomu a ana ndimawakhazika kumbuyo, anayianayi. Matawulo pakati. Kenako pamabwera bwana wamkulu, ovololo ya mlamu wanga wa kumgodi, yodzaza fumbi la pansi pa nthaka, yoyenera kulipira mipando iwiri. Bulangete limakwera modzichepetsa, kunamizira kupepuka, podziwa kuti likamwa madzi litilanga tonse. Masokosi ndi ana, amakhala pamiyendo, salipira.

"Sunthani, sunthani, malo alipo!" ndimatero ndikukankha chitseko ndi bondo.

Apa m'pamene amatulukira apolisi apamsewu, atamanga chitenje m'chifuwa, tulo tili m'maso.

"Bambo a ana, chikhatho chija chili pati?"

"Chilipo, amayi," ndimayankha, ndikulowetsa kachala kakang'ono movutikira.

Apolisi amenewa salandira kangachepe. Amangokuyang'ana n'kubwerera kukagona, mlandu ausungira m'mawa.

Ulendo umayamba bwino. Zinthu zimavuta pofinya madzi, bulangete lija litaunjikana mbali imodzi. Galimoto imayamba kunjenjemera, kenako kugunda khoma, kenako kuyenda ndithu, kulunjika kukhomo, kumene kulidi njira ya ku Ndola. Ikanafika, koma payipi ya madzi ndi yaifupi. Potsika, okwera apakati amatuluka ali ouma, sopo waufa ali m'kolala momwe ndinawathirira. Malaya oyera a kutchalitchi amakhala atatengera mtundu kwa bwana ovololo. Sokosi imodzi nthawi zonse imatsikira panjira osatsanzika.

Ndiye kuti ulendo ubwerezedwe, mayunitsi adyedwe kawiri, omwe aja anakwera mtengo mu November 2024 kwa ife odya mayunitsi ambiri, ati kuti dziko ligule magetsi kunja. Ndipo mu February 2025, dziwe la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi n'kuipitsa Kafue, mipopi ya Kitwe inatsekedwa. Kondakitala anakhala pasiteji ndi okwera ake, galimoto ilibe dontho.

Koma tiyeni tiuzane zoona. Migodi imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lino. Sindidana nayo, ndiyo imadyetsa mlamu wanga. Chimene chimandiwawa n'chakuti mkuwa wochokera pansi pa nyumba zathu ukuwalitsa mizinda ya kutali, pamene mayi wochapa ovololo ya wokumba mkuwayo amadzuka usiku kulondera babu. Ndipo oyandikana nane ambiri makina alibe, ali ndi beseni ndi msana basi. Chilala sitinachiitane, inde. Koma kutsamira pa madzi a m'madamu kuchokera pamene Kariba inamangidwa mu 1959, mizinda ikukula, sikunasankhidwe ndi mitambo ayi. Anasankha ndi anthu okhala ndi maofesi, ndipo ovololo sanachapepo.

Panopa layisensi anandilanda. Apolisi aja ndiwo akulongeza okha: zoyera pazokha, za kumgodi pazokha, chikhatho chikulowa mpaka pamkono. Ine anandibweza pa udindo wa woitanira, kuzungulira m'zipinda kukuwa kuti amene ali ndi zakuda abweretse. Chondipweteka kwambiri ndi bulangete lija. Masiku ano likumayenda lokhalokha, pa hayala, mayunitsi ndikulipira ine.