Galimoto ya Mabwana, Msewu wa kwa Agogo

(Pakhonde, m'mudzi wina ku Dedza. Agogo akusenda kachewere. Mdzukulu wawo wa ku Lilongwe wakhala pampando wandalema, maso ali pafoni.)

AGOGO: Amunanga, chifikire m'mawa uja simunandiyang'ane kumaso. M'kafoni kanuko muli mkazi mnzanga eti?

MDZUKULU: Muli magalimoto, agogo. Atatu. Ndasowa yosankha.

AGOGO: Atatu! Iwe wemwe unati zinthu zathina nditakupempha ya feteleza?

MDZUKULU: Ndigula imodzi yokha, pangongole ya kubanki. Taonani. Iyi ndi Toyota Crown, iyi ndi Nissan Fuga, yakudayi ndi Benz. Zazikuluzikulu, zija amakwera mabwana.

AGOGO: Sendeza kuno, maso anatha awa. Iii, nanga zonse zagona pansi bwanji? Zaphwa matayala?

MDZUKULU: Anazipanga choncho dala. Galimoto ikakhala yaifupi imagwira msewu, siyendera mbali imodzi pokhota, ndipo mphepo siichedwetsa.

AGOGO: Zili ku Lilongwe konko?

MDZUKULU: Zili ku Japan. Ukalipira amaikweza sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam. Kuchoka pamenepo imabwera pamsewu, makilomita oposa 1,500, kulowera pa Songwe.

AGOGO: Ukupereka ndalama za ngongole pa chinthu chimene sunachigwire ndi dzanja? Sukulu munapita ija inali yophunzitsa zimenezi?

MDZUKULU: Pamakhala chikalata, agogo. Kumsika wa magalimoto kumeneko kuli anthu oyendera, amalemba paliponse pamene pakalika kapena pabonyoka, kenako n'kupereka malikisi. Ya 4 kapena 4.5 ndiye kuti ili bwino. Ikalembedwa R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

AGOGO: Amalemba okha kuti inagundapo? Koma kunja kuno kuli anthu. Ife mbuzi yotsegula m'mimba timaisambitsa kumchira n'kupita nayo pamsika.

MDZUKULU: Ikafika pa Songwe a MRA amawerengera msonkho. Amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Ikakhala yakale kwambiri, msonkho umakwera.

AGOGO: Kukalamba n'kolipitsa tsopano? Tsitsa mawu, angamve n'kuyamba kutiwerengera ifenso.

MDZUKULU: Ndiye n'chifukwa chake Fuga ndikuikayikira. Imene ndaionayi injini yake ndi 3,700cc. Ikathamanga mumachita kumatirira kumpando, koma msonkho wake ndi petulo wake ndi nkhani ina. Crown iyi ndi 2,500cc.

AGOGO: Ukuthamangira kuti? Apolisi aja amabisala ndi kamakina kawo pa Nathenje ndi abale ako?

MDZUKULU: Sikuti n'kuthamanga kokha. Injini yaikulu siibuula pachitunda, ndipo ukafuna kupitirira thiraki umangoponda pang'ono basi. Koma mtima wanga uli pa Crown. A Toyota anayamba kuipanga mu 1955, mpaka lero dzina likadalipo.

AGOGO: 1955? Nthawi ya Chitaganya imeneyo, ine ndili kamtsikana kotunga madzi ndi kamtsuko kakang'ono. Ndiye ndi wamsinkhu wanga ameneyo. Ulemu wake. Pitiriza.

MDZUKULU: Ilipo mitundu iwiri imene ndikuyerekeza. Royal Saloon ndi yofewa, mabampu simuwamva. Athlete ndi yolimba pansi, matayala ake ndi opyapyala, yokomera achinyamata.

AGOGO: Yolimba ndi yofewa, yodula ndi iti?

MDZUKULU: Nthawi zambiri Athlete, anthu amailimbirana.

AGOGO: Anthu akulimbirana kugwedezeka? Abwere kuno, ngolo ya amalume ako iwagwedeza ulere mpaka kuchigayo.

MDZUKULU: Mverani za m'kati kaye. Mukhoza kusankha mipando yachikopa kapena yansalu. Yachikopa siivuta kupukuta mwana akatayirapo thobwa, koma mukaisiya padzuwa mu Okutobala imawotcha ntchafu. Mpando wa dalaivala umayenda ndi magetsi, ndipo umakumbukira mmene mwini wake amakhalira.

AGOGO: Mpando wokumbukira! Bola iwowo. Ena tikuwadziwa amaiwala ndi njira ya kwawo yomwe.

MDZUKULU: Ndabwera, si ine ndili panoyu? Komanso mipando yakutsogolo ili ndi batani, mukadina imayamba kufunda.

AGOGO: Imatani?

MDZUKULU: Imafunda. M'kati mwa mpando muli timawaya totenthetsa. Ku Japan kumagwa chipale chofewa, ndiye anaziganizira.

AGOGO: Kufunda kwake kofika mpaka m'chiunomu? Pamene pamandigwira mu Juni pano?

MDZUKULU: Msana wonse, agogo.

AGOGO: Hmm. Zachibwana zimenezo. Munthu wamkulu amawotha moto. Pali mabatani angati, limodzi kapena aliyense lake?

MDZUKULU: Aliyense lake. Eyakoni nayonso ndi yogawa, inu kwanu kutentha, ine kwanga kuzizira.

AGOGO: M'galimoto imodzimodzi wina ali mu Juni wina ali mu Okutobala? N'chifukwa chake maukwati a m'tauni sakulimba.

MDZUKULU: Palinso kamera kumbuyo. Ukamabwerera umaona zonse pa sikirini, ndipo kachipangizo kamalira ukayandikira chinthu.

AGOGO: Khosi lako linatani?

MDZUKULU: Galimotoyi ndi yaitali pafupifupi mamita asanu. Mwana kapena nkhuku ikakhala kuseri kwa buti, pagalasi simungaione.

AGOGO: Apo ndiye wanena zanzeru. Bakha wanga uja akanakhala ndi moyo, amene anapondedwa ndi lole ya fodya. Icho ndavomera. China?

MDZUKULU: Kiyi sulowetsa pena paliponse. Amangokhala m'thumba, iwe n'kudina batani, yalira. Kungoti ikangolira pamamveka mawu a mzimayi akulankhula Chijapanizi.

AGOGO: Ndinanena ine! Mkazi mnzanga uja ndi ameneyo. Amati chiyani?

MDZUKULU: Ndi kamakina kolipirira misewu ya kwawoko. Amadandaula kuti simunalowetse khadi.

AGOGO: M'mawa uliwonse, munthu usanasukusule n'komwe, iye wayamba kale za ndalama. Ameneyo ndi mkazi ndithu. Nanga pa Kalinyeke amakulipirira?

MDZUKULU: Ayi, pa Kalinyeke ndimatulutsa m'thumba mwanga ngati wina aliyense. Kamakinako amangokadula waya. Chovuta ndi sikirini, chifukwa zolemba zake zonse ndi za Chijapanizi, ndipo mapu ake amaonetsa misewu ya ku Japan. Wailesi nayonso, zambiri zakalezo zimathera pa 90, pamene mawailesi ambiri kuno ali kupitirira pamenepo. Umafunika kuikamo kachida kowonjezera kapena kusintha wailesi yonse.

AGOGO: Ndiye galimoto ya mamiliyoni, mauthenga a maliro siigwira. Kawailesi kanga ka mabatire awiri kali m'nyumbamu kamagwira. Tsopano tandiuza chimene ndakhala ndikudikira. Kuchoka pansi kufika pamimba pake ndi potalika bwanji?

MDZUKULU: Masentimita 15, mwina kuchepera pang'ono.

AGOGO: Usandiuze za sukulu. Onetsa ndi dzanja.

MDZUKULU: Chonchi.

AGOGO: Chikhatho chimodzi! Iwe, lero unabwera pa chiyani kuchokera pa tala?

MDZUKULU: Pa kabaza wa njinga yamoto.

AGOGO: Pamtunda pa mjigo paja, pamene madzi anakumba mbali zonse n'kusiya nthumbira pakati, munadutsa bwanji?

MDZUKULU: Ndinatsika, ndinayenda pansi.

AGOGO: Njinga yamoto inakutsitsa. Ndiye bwana wakoyu, wa mimba yokhweta pansi, akadutsa bwanji? Pansi pakepo pali chiyani?

MDZUKULU: Pali sampu, mosungira oyilo wa injini. Ikagunda mwala n'kubooka, oyilo amatayika, ndipo ukapitiriza kuyenda injini imafa. Koma amawotcherera chitsulo chotchinga, ena amakwezako galimoto pang'ono. Ndiponso pali zina, monga Crown Majesta ndi ma Benz ena, zimene m'malo mwa masipuling'i zili ndi matumba a mpweya. Ukadina batani galimoto imadzuka.

AGOGO: Thumbalo likaphulika?

MDZUKULU: Imagwada.

AGOGO: Imagwadira ndani pakati pa dambo? Ndipo makaniko wathu wa pa sitolo uja, amene zida zake ndi hamala, sipanala ziwiri ndi lekeni, akaikonza?

MDZUKULU: Sangayerekeze. Imafunika kompyuta. Apa mpamene Benz ikundiopsa, ngakhale kuti m'kati mwake muli zii, phokoso la panja silimveka. Sipeya zake n'zodula, zina mpaka kuitanitsa ku Johannesburg. Crown injini yake ndi imodzimodzi ndi ya Mark X, ndipo ma Mark X ndi mbwee m'tauni. Ku Biwi ukhoza kupeza chimene ukufuna tsiku lomwelo.

AGOGO: M'matope imatani?

MDZUKULU: Imakankha ndi matayala akumbuyo, ndiye poterera imavina pang'ono.

AGOGO: Imavina, imagwada, imalankhula. Ukugula galimoto kapena ukulemba wa kwaya? Imanyamula anthu angati?

MDZUKULU: Asanu, kuwerengera ndi dalaivala. Kunena zoona, anayi ndiye amakhala bwino. Pakati kumbuyoko pali chitunda pansi, pamene pamadutsa chitsulo chopititsa mphamvu kumatayala, ndiye wapakatiyo amakhala atatang'adza.

AGOGO: Chigalimoto chonsechi anthu anayi? Sienta ya mnyamata wa kutsidyayu ndi kakang'ono, koma Lachiwiri lapitali tinakwanamo khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo mbuzi.

MDZUKULU: Mipando yake ndi isanu ndi iwiri, agogo. Enawo munakhala pati?

AGOGO: Pa anzathu. Tinafika bwinobwino. Nanga kubuti kwako kukwana matumba angati a kachewere?

MDZUKULU: Malo alipo a atatu, kapena anayi. Koma kulemera kwake ndiye kungaikhazike pansi. Ndipo ndikatenga ya hybrid, imene imayendera petulo ndi batire, batireyo imadya malo ena a kubuti.

AGOGO: Ubwino wake n'chiyani?

MDZUKULU: Mafuta. Ya petulo yekha imayenda makilomita 10 pa lita ikakondwa, m'tauni kuchepera. Ya hybrid imapita patali ndithu ndi lita yomweyo. Mukukumbukira mizere ya pa filing'i siteshoni ija, anthu kugona m'galimoto kudikira thanki?

AGOGO: Ndiye tenga ya mipando yogoneka bwino, poti ndi mmene uzigonamo. Batire ikatha mphamvu umagula pa golosale?

MDZUKULU: Ayi ndithu. Ikafooka, kugula ina ndi ndalama yoti mukhoza kufolera nyumba ndi malata. N'chifukwa chake umayamba wafunsa zaka zake ndi makilomita amene yayenda. Ndiyeneranso kufunsa za tayala la sipeya. Zina zimabwera ndi kakang'ono kongokufikitsa pafupi, zina zilibiretu, amangoikamo kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu.

AGOGO: Kabotolo! Tayala litang'ambika pa mwala wa pa mlatho paja, iwe n'kutulutsa kabotolo? Anthu adzati wayamba zamankhwala.

MDZUKULU: Ndiye mukuti ndisagule? Ndigule pikapu?

AGOGO: Ndanena liti zimenezo? Pikapu ukagula si yako. Maliro onse a mudzi uno ndi ako, odwala onse ndi ako, njerwa za tchalitchi ndi zako. Chaka chisanathe yatha. Iyi yogona pansiyi palibe adzakubwereke, poti aliyense akudziwa kuti siifika pakhomo pake.

MDZUKULU: Agogo! Ndiye nthawi yonseyi mumangondizunguza?

AGOGO: Ndimafuna ndione ngati ukuidziwa. Tenga wamsinkhu wanga uja, wofewayo, wa masipuling'i wamba. Zogwadazo asiyire a ku Capital Hill. Uike chitsulo pamimba, ugule tayala lenileni la sipeya. Dzinja uziisiya pasukulu, aphunzitsi aziyang'anira, amalume ako azikakutenga pa ngolo. Mipando ikhale yansalu.

MDZUKULU: Yotenthetsa ija ndiisiye? Paja munati n'zachibwana.

AGOGO: Ukaisiya usabwere nayo kuno. Ndipo wakutsogolowo ndi wanga.

MDZUKULU: Nanga mayi a kunyumba akakhala pati?

AGOGO: Kumbuyo, si ndiko amakhala mabwana? Udzabwere Loweruka, Lamulungu udzandiperekeze kutchalitchi.

MDZUKULU: Tchalitchi chake chiti? Ichi chikuoneka apachi?

AGOGO: Tikazungulira cha kumsika. Ukayendetse pang'onopang'ono podutsa pa mjigo, nthawi imene amayi a Mvano amakhala akutunga madzi.

MDZUKULU: Sadzakuonani, agogo. Ndimati ndimatitse magalasi akuda, kuti dzuwa lisamalowe ndiponso anthu asamasuzumire.

AGOGO: Asamasuzumire? Ngongole yonseyi kuti munthu asaoneke? Ukamatitsa, ndidzamatula ndekha ndi mpeni uwu. Tenga mbale iyo, uzisenda nawo.