Mame a ku Temeke

Amene anapeka mwambi woti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, sanafikeko ku Dar es Salaam. Iye ankanena mlendo wakale, wofika ndi ndodo dzuwa litapendeka n'kulawira tambala woyamba. Sanalote kuti kudzabadwa mlendo wa mtundu wina: Mmalawi wodikira padoko galimoto yake yochokera ku Japan.

Agogo anga, mayi awo a mayi, anakhala zaka zambiri ku Temeke, komwe anatsatira agogo aamuna pa ntchito. Analera ana awo, n'kulera ife zidzukulu, ndipo pa msinkhu woti munthu azingoothera dzuwa anayamba kulera Malawi yense. Munthu akangowoloka pa Songwe, foni inkalira. "Agogo, ndine mwana wa achemwali awo a aphunzitsi aja a ku Nkhotakota." Agogo sankamudziwa, aphunzitsiwo sankawadziwanso, koma yankho linali lomwelo: "Bwera mwanawe, usadye za m'njira." Basi ikamafika pa Morogoro, nyemba zinali zitapsa kale.

Amayi a geni odzaoda ku Kariakoo ndiwo ankaulemekezako mwambiwu. Agula zitenje, nsapato ndi mapoto, amanga katundu, ulendo. Vuto lawo linali mabelo okha, omwe ankadzaza pabalaza mpaka ife kumadyera chakudya pamwamba pa nsapato za eni.

Koma agalimoto! Tsiku lofika ankati, "Agogo, ndigona kawiri basi." Kenako timve kuti sitima ikadali panyanja. Sitima ikafika, mapepala. Mapepala akatheka, ejenti sakuyankha foni. Ejenti akayankha, ndalama zaperewera, tidikire achimwene atumize. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, bambo wina amene ankadikira ndalama zochokera kumudzi anagona ali mwini galimoto n'kudzuka ali mwini matayala. Ameneyo anadya nafe Khirisimasi, ndipo pofika Januwale ndiye ankalozera alendo atsopano pamene pamakhala sopo.

Aneba achiswahili, poona nsapato zili mbwee pakhomo, anawakumbutsa agogo mwambi wa kwawoko, womwe Julius Nyerere anautchulanso mu 1962 pofotokoza za ujamaa: mlendo umusamale masiku awiri, lachitatu umupatse khasu. Agogo anamvetsera mwaulemu, n'kufunsa kuti ku Temeke kuno khasulo akalima nalo pati. Komabe anayesako. Tinaona bwana wina wa muofesi atavula jekete akupala kokonati, thukuta lili kamukamu. Atangotembenuka, agogo anamulanda ntchitoyo n'kuyambiranso okha, akung'ung'udza kuti mwana wa eni ake adzicheka.

Apa ndi pomwe ndimatsutsana nawo anzanga amene amati agogo ankapusitsidwa. Ankadziwa zonse. Ankadziwa amene wabisa ndalama m'sokosi, ndi amene m'thumba mwauma zenizeni koma akuchita manyazi kunena. Woyambayo ankamutuma makala ndi mafuta ophikira osamupatsa kanthu m'manja. Wachiwiriyo ankamupeza yekha m'mawa n'kumufumbatitsa ya daladala, ena asanadzuke. Alendo ankabwera ndi ufa woyera, usipa ndi mpunga wa Kilombero ngati mphatso, agogo n'kuthokoza ndi manja awiri, n'kuwaphikira zomwezo mpaka zitatha. Ankadzuka mzikiti usanaitane, ndipo ukawafunsa ngati adya, ankati "ndalawa kale pophika," bodza lokhalo limene ndinawagwira nalo.

Atamwalira, pamaliro panadzaza nkhope zoti ife sitinkazikumbuka, aliyense akulira kuti amayi anga, amayi anga, mpaka ana awo enieni anachita kupempha malo pamphasa. Wolengeza zipepeso anatopa n'kutchula maboma: Karonga, Mzimba, Dedza, Mulanje. Panja galimoto zinali ndandanda, ndipo amalume ankaziloza imodzi ndi imodzi, kuwerengera mbale za nyemba zimene iliyonse inadya.

Titasesa, anthu anabalalika, kupatula mnyamata mmodzi wolira kwambiri uja, amene tonse tinkayesa ndi wachibale cha mbali inayo. Amalume atamufunsa mwaulemu za ulendo wake wobwerera, anapukuta misozi n'kunena kuti sitima ikadali panyanja.