Ku Zengeza 1 aliyense ndi katswiri wa mafilimu

Ku Zengeza 1, ku Zimbabwe, mukangofunsa kuti muonere filimu iti, mwaputa mlandu. Agogo amene makolo awo anachokera ku Malawi amanenetsa kuti palibe filimu idzapose Neria. Kwa iwo filimu yosaliritsa n'kutaya nthawi chabe, ndipo Oliver Mtukudzi akangoyamba kuimba, nsonga ya chitenje yafika kale m'maso. Abambo a zaka zapakati amakakamira Yellow Card ya mu 2000, ati chifukwa cha malangizo ake, koma mukawafunsitsa amangokumbukira mpira ndi Leroy Gopal basi.

Adzukulu nawo amatamanda Cook Off, filimu yoyamba ya ku Zimbabwe kulowa pa Netflix mu 2020. Agogo amaikana asanaione n'komwe, ati kupikisana kuphika si filimu, poti iwo akhala akuphika moyo wawo wonse popanda wowajambula. Koma akazindikira kuti Jesesi Mungoshi, Neria mwiniwake, alimo ngati gogo, mawu amafewa: ana a masiku ano akuyesetsa ndithu.

Langizo langa ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Inu amene Chichewa chanu chinasakanikirana ndi Chishona, mverani cha Chiwetel Ejiofor m'filimuyi, mudzadziona kuti ndinu aphunzitsi. Kungoti tchajiranitu foni kudakali masana, chifukwa kuno magetsi amakonda kuthima pa nthawi yomwe mnyamatayo akuyatsa ake.